Batani, taima kapena rileyi: ndani achotse makapasita mota ikadzuka?

Funso lochokera kwa kalipentala wa ku Bembeke, Dedza:

"Zikomo amisiri. Ndinagula pulena ya 3 kW ndi sowo ya 2.2 kW zakale, zonse za three phase, pomwe pashedi panga pali single phase yokha. Mnzanga anandipatsa mota ya 5.5 kW, 1440 rpm, 230/400 V, kuti izizungulira yopanda lamba n'kumandipangira waya wachitatu. Poyamba tinkaidzutsa ndi chingwe ngati jenereta. Kenako tinaika makapasita ndi karileyi kochotsa m'firiji, kanapsa tsiku lomwelo. Tinayesa batani, mnyamata wanga anachedwa kuchotsa chala, kapasita n'kuphulika. Ena akuti ndiike taima, ena akuti potential relay. Ndisankhe chiti?"

Yankho:

Zikomo bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagulenso kapasita ina. Pa shedi ngati yanu ine ndingaike taima yoyendetsa kontakita (swichi yamphamvu yotsekedwa ndi koyilo ya maginito), n'kuikanso mlonda wina pambali pake woti azithimitsa zonse pakalakwika kanthu. Potential relay siyoipa, ndipo komwe magetsi ndi okhazikika imagwira ntchito zaka zambiri osaikhudza, koma kumapeto kwa mzere wautali wa mapolo imafuna kuilera ngati khanda. Ndifotokoza chifukwa chake. Koma ndiloleni ndikubwezeni kaye pa kabokosi ka mawaya ka pulena yanu, chifukwa ndaonapo anthu akusinthasintha marileyi mwezi wathunthu pomwe vuto lili kwina.

Magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba ali 230 V pakati pa live ndi neutral, pa 50 Hz. Three phase yawo ndi 400 V pakati pa waya ndi waya. Mota yanu ya 5.5 kW ija, imene amisiri amaitcha idler, siichulukitsa mavoti. Mukaipatsa 230, three phase imene ikubwezereni ndi ya 230 yomweyo. Ndiye idler iyenera kulumikizidwa delta, ndipo pulena ndi sowo nazonso chimodzimodzi. Tsegulani kabokosi ka mota iliyonse. Mupeza mabawuti asanu ndi limodzi ndi tizitsulo titatu tolumikizira. Tizitsuloto tikagona chopingasa n'kumanga W2, U2 ndi V2 pamodzi, imeneyo ndi star, ikudikira 400 V. Muimike tonse titatu, kalikonse kalumikize bawuti lapamwamba ndi lapansi pake, ndiye delta. Za idler mwalemba kuti ndi 230/400, zili bwino. Za makina awiriwo simunanene. Chikwangwani cha mota chikati 400/690, imani pomwepo: imeneyo siikoka pa 230 ngakhale muilumikize bwanji, ifunika thiransifoma yokweza mavoti kapena kuimanganso makoyilo. Mamota ambiri a 3 kW kutsika m'munsi amakhala a 230/400, choncho mwayi ulipo.

Mukasintha kupita ku delta, maampu amakwera pafupifupi ka 1.73. Pulena imene inkadya maampu 6.5 pa 400 V izidya cha m'ma 11, ndiye overload yake yakale, chotetezera chodula magetsi maampu akachuluka, izingogwa. Iyenera kukwezedwa kapena kusinthidwa. Muonenso koyilo ya kontakita ya pa makinawo. Ikakhala ya 400 V siitseka pa 230, izingolira. Ikani ya 230 V, ndipo muidyetse kuchokera pa live ndi neutral, osati pa waya wachitatu.

Tsopano ku funso lanu. Mota ya three phase mukaipatsa mawaya awiri okha ili chiimire, imangong'ung'udza n'kumanjenjemera, siidziwa kolowera. Maginito mkati mwake amangokankha uku ndi uku pamzere umodzi. Mukaikoka ndi chingwe chija imapeza njira n'kupitiriza yokha, ndipo ikafika pa liwiro lake, nsonga yachitatu imene simunaipatse magetsi imayamba kubala ake. Ndiye waya wachitatu wanu ameneyo. Kapasita yodzutsira imalowa m'malo mwa chingwe: imatenga magetsi pa live n'kuwafikitsa pa waya wachitatu atasemphana nthawi pang'ono ndi enawo, mota n'kuona ngati yapatsidwa mafezi atatu, n'kunyamuka.

Koma kapasita imeneyi ndi mlendo wosagona. Zakuda zapulasitiki zija, zolembedwa manambala awiri monga 189-227 µF, mkati mwake muli pepala lonyowa ndi mankhwala, ndipo anazipanga kuti zigwire ntchito masekondi osapitirira atatu, kosaposa ka 20 pa ola. Zikakhalitsa mankhwalawo amawira, ndiye phokoso lija munalimva. Nkhani yonse ya batani, taima ndi rileyi ili pa funso limodzi: ndani aperekeze mlendoyu nthawi yake ikakwana, nanga woperekezayo akagona tulo chichitike n'chiyani?

Sungani nambala imodzi m'mutu. Idler ya 5.5 kW, imene ndi mahosipawa 7.5, imafuna makapasita odzutsira okwana 500 mpaka 700 µF. Makapasita a 600 µF akaona 230 V pa 50 Hz amadutsitsa maampu oposa 40. Karileyi ka m'firiji ya pakhomo kanapangidwira kompuresa yosafika ngakhale theka la hosipawa imodzi, ndiye munakasenzetsa thumba la mbatata lapa Lizulu kamwana ka sitandade wani. Ndipo musavutike kusaka kakakulupo ka mtundu womwewo. Rileyi zoterezi zimayang'ana maampu: akakwera zimalowetsa kapasita, akatsika zimaichotsa. Mu firiji izi n'zomveka chifukwa mota ndi imodzi. Kwa inu, mukangoyatsa pulena maampu akweranso, rileyi iganiza kuti idler ikudzuka kachiwiri, n'kubwezeramo makapasita mota ili pa liwiro lonse. Zina za m'mafiriji atsopano si rileyi n'komwe, ndi kambale kamene kamatseka njira kakatentha, ndipo kamafuna mphindi zingapo kuti kazizire. Izo ziiwaleni.

Batani sindilinyoza. Khutu la mmisiri wozolowera limamva bwino lomwe pamene mota yasiya kubuula n'kuyamba kuimba, ndipo chala chimachoka chokha. Ine pashedi panga ndinagwiritsa ntchito batani nthawi yaitali osaphulitsa kanthu. Koma ndinali ndekha. Pamene pali anyamata ophunzira ntchito, wina akudzutsa mota kwinaku akuyankha kasitomala wofuna chitseko, sekondi imodzi imasanduka zisanu. Komanso ngati maampu 40 aja ankadutsa mu batani lenilenilo, mwina mnyamata wanu mukumunamizira: tizitsulo ta m'batani ndi ta maampu ochepa, timatha kuwotcherana, chala n'kuchoka koma magetsi osaduka. Litseguleni mulione musanamudule malipiro.

Ilipo njira ya centrifugal switch, ija imakhala kumbuyo kwa mota ya single phase n'kutseguka liwiro likafika cha pa magawo atatu mwa anayi. Ndi yokhayo imene imayeza liwiro lenileni, koma kuikhazika pa shafiti ya idler kumafuna wa lathe waluso, ndipo utuchi ndi mdani wake. Ilinso ya kamota kakang'ono ka single phase kozungulitsa idler ndi lamba musanaipatse magetsi. Imeneyi siifuna kapasita yodzutsira ngakhale imodzi ndipo mababu a oyandikana nawo sathima-thima, kotero ndimailangiza pa ma idler akuluakulu. Pa 5.5 kW ndi ntchito yochuluka kuposa phindu lake.

Potential relay ndiyo yoyenera kuikambirana pang'ono, chifukwa nzeru yake ndi yokoma. Imapezeka m'makompuresa akuluakulu a cold room ndi ma air conditioner. Ili ndi nsonga zitatu zofunika, 1, 2 ndi 5. Koyilo yake ili pakati pa 2 ndi 5, ndipo tizitsulo take, tomwe timakhala totseka rileyi ikamapuma, tili pakati pa 1 ndi 2. Pa converter, kutanthauza idler pamodzi ndi makapasita ake, 2 imapita ku waya wachitatu, 5 ku neutral, 1 ku makapasita, mbali ina ya makapasitawo ku live. Idler ikakhala chiimire popanda kapasita, waya wachitatu amakhala pakatikati, cha m'ma 115 V kupita mbali iliyonse. Ikamathamanga mavoti pamenepo amakwera, ndipo akafika pa mlingo wa rileyiyo koyilo imakoka, tizitsulo n'kutseguka, makapasita n'kutuluka. Siiwerenga nthawi, imaona ngati ntchito yachitika. M'mawa wozizira wa mu July ku Bembeke, girisi ali gwa m'mabering'i, imadikirako pang'ono. Masana kukatentha imafulumira.

Pa chikwama chake kapena pa pepala lake pamakhala manambala atatu: mavoti amene imakokera, mavoti amene imasiyira, ndi mavoti amene koyilo ingapirire tsiku lonse. Apa ndi pamene pagona mavuto. Chaka china ndinamangira converter mkulu wina cha ku Kampepuza, ndi potential relay yatsopano ya m'bokosi. Tinaiyesa cha m'ma 10 koloko m'mawa, mita ikuonetsa 228 V. Kudina batani, vuuu, tha! Sekondi isanathe makapasita atuluka. Ndinalandira ndalama zanga, nsima ndinadya, n'kukwera minibasi. Sabata isanathe foni inalira. Nditafika ndinapeza m'bokosi muli mbuu tizidutswa ta pepala ngati nkhuku yosolola nthenga, fungo lake loswa mphuno, chivindikiro cha kapasita imodzi chitakakamira pa waya wa kudenga. Anali ataidzutsa cha m'ma 6 koloko madzulo kuti amalize bokosi la maliro lofunika m'mawa. Ndinadikira nthawi yomweyo n'kuyeza: 196 V pa soketi, ndipo podzutsa mota singano inkagwa kupitirira apo, chifukwa shediyo inkadyera pa kawaya ka 2.5 mm² kochokera kunyumba, mtunda wa mayadi ambirimbiri. Waya wachitatu sanafike pa mlingo wokokera. Mota inkazungulira ndithu, mkuluyo n'kuona ngati zonse zili bwino, pomwe rileyi ili duu kudikira mavoti amene sakubwera. Kulakwa kunali kwanga: ndinayesa kamodzi, pa nthawi yabwino, n'kukhutira.

Mukathawa vutoli posankha yokokera pansi, mukumana ndi linzake. Rileyi imachotsa makapasita mota isanalimbe, liwiro limagwa, rileyi imasiya, makapasita amalowanso, n'kumangomveka kati-kati-kati ngati mano a munthu wa malungo. Kulowa kulikonse kapasita imakhala ikadali ndi magetsi, moto umathetheka pa tizitsulo, mapeto ake timamatirirana. Chimodzimodzi pulena ikaluma thabwa lonyowa la paini wa ku Chongoni: waya wachitatu amafooka, ndipo akatsika kupitirira mlingo wosiyira, makapasita amabwerera mkati. Ena amakondwera nazo kuti zimathandiza makina olemera kunyamuka. N'zoona, koma ndi thandizo lodya moyo wa kapasita.

Onjezani izi. Mapulani ambiri a pa intaneti ndi a ku America, kwa 240 V ndi 60 Hz, ndipo rileyi zimene amatchula manambala ake anayezera pa 60 Hz. Koyilo yomweyo pa 50 Hz imadya maampu ochulukirapo, imakoka msanga ndi kutentha kwambiri. Rileyi imeneyi imafunanso kuimikidwa molunjika momwe muvi wake ukulozera, pamalo osagwedezeka, osati pa thupi la mota. Ndipo poti nsonga 2 ndi ya koyilo ndi tizitsulo pamodzi, n'kovuta kuigwiritsa ntchito kuyendetsa kontakita, ndiye maampu 40 aja amadutsa mwa iyo yomwe. Kusitolo za zipangizo za firiji ku Lilongwe mungaipeze, koma kawirikawiri mupeza imene ilipo, osati ya mlingo umene mukufuna, ndipo ilibe kokhotetsa kuti muisinthe.

Taima ndi wakhungu, ndipo ubwino wake ndi kuipa kwake zili pomwepo. Mukaiuza sekondi imodzi, ichotsa makapasita pa sekondi imodzi, kaya mavoti ndi 235 kaya 195, kaya pulena yaluma mfundo. Kapasita siiphulika chifukwa cha magetsi ofooka. Koma siidziwa ngati mota yadzuka. Ikalephera kunyamuka, taima ichotsa makapasita n'kuisiya ikung'ung'udza pa mawaya awiri, ikumeza maampu kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuposa a pa chikwangwani. Mota ndi yodula kuposa kapasita. N'chifukwa chake sindiika taima yokha.

Bokosi limene ndimamanga masiku ano lili chonchi. Magetsi akachoka pa bureka amalowa mu kontakita yaikulu, tiitche K1, kenako overload, kenako idler. Batani lobiriwira limakoketsa K1, ndipo K1 imadzigwira yokha kudzera pa tizitsulo take tothandizira, 13 ndi 14; batani lofiira ndi overload zimadula njira imeneyo. K1 ikangotseka imapatsa magetsi taima yoyamba ndi kontakita yachiwiri, K2, imene imalowetsa makapasita odzutsira pakati pa live ndi waya wachitatu. Koyilo ya K2 imadyera pa 15 ndi 16 za taima. Nthawi ikakwana 15-16 imatseguka, K2 imagwa, 15-18 imatseka n'kukoketsa kontakita yachitatu, K3, yotulutsa three phase kupita ku makina. Koyilo ya K3 idutsenso pa 21-22 za K2, kuti K2 ikapanda kugwa makina asalandire kanthu. Motero palibe amene angadzutse idler pulena ili kale pa mzere, chomwe ndi chifukwa china chimene ma converter ambiri amakanikira kunyamuka.

Pa K2 pali kanzeru kakang'ono. Kontakita ili ndi njira zitatu, ndiye gulani makapasita atatu a 189-227 µF, a 330 V osati a 250, iliyonse ipite pa njira yakeyake. Njira iliyonse izinyamula maampu cha m'ma 14 m'malo moti imodzi isenze onse, ndipo kontakita ya 25 A ikhala zaka. Pa kapasita iliyonse womberani resistor ya 15 kΩ, 2 W, yoti izikhetsa magetsi otsalira. Ndi kanthu kotchipa kuposa botolo la Sobo, koma ndi kamene kamaletsa tizitsulo kuwotcherana.

Mlonda uja ndi zinthu ziwiri: taima yachiwiri ya masekondi atatu, ndi voltage relay yokhala ndi kokhotetsa, yoyang'ana pakati pa waya wachitatu ndi neutral. Sankhani imene imadyera payokha pa A1 ndi A2 ndipo tizitsulo take sitilumikizana ndi mbali yoyezera. Muiike pa 170 kapena 180 V, pakati pa 115 ya mota yoima ndi 200 kupita m'mwamba ya mota yothamanga, ndipo kuchedwa kwake mukuike pansi penipeni. Njira imene K1 imadzigwirira idutse pa tizitsulo totseka ta taima yachiwiriyi. Pambali pake lambalalitsani njira ina yodutsa pa tizitsulo ta voltage relay totseka mavoti akakwana, motsatana ndi ta K2 totseka K2 ikagwa. Tanthauzo lake ndi ili: kwa masekondi atatu oyamba K1 imakhululukidwa, koma akatha imafunsidwa mafunso awiri. Kodi waya wachitatu wabadwa? Kodi makapasita atuluka? Yankho limodzi likakhala ayi, K1 imagwa, bokosi lonse zii. Makontakita ambiri amabwera ndi tizitsulo tothandizira tochepa, ndiye mugulenso kabuloko kowonjezera kovala pamwamba pa K2.

Mwina mukuti bwanji voltage relay yomweyo isachotse makapasita, taima n'kuisiya? Zimatheka, ndipo ndi potential relay yosinthika imeneyo. Kungoti makapasita akadali mkati mavoti a waya wachitatu amadumphadumpha, nthawi zina kupitirira 260, ndiye mlingo woyenera umasiyana tsiku ndi tsiku monga momwe magetsi abwerera. Makapasita atatuluka, kusiyanitsa 115 ndi 200 n'kosavuta ngakhale madzulo a magetsi ofooka. Ndimakonda kupatsa chipangizo chilichonse funso limene sichingalakwitse. Ena amaika kakontakita wamba ka 230 V m'malo mwa voltage relay. Kamakoka bwino, koma kakagwira kamatha kukakamira ngakhale mavoti atatsika kufika theka, ndiye ndi mlonda amene amaona wakuba n'kungomuyang'ana.

K1 yodzigwira yokha ija musaichotse pofuna kupulumutsa ndalama, ngakhale mutasankha njira ina iliyonse. Magetsi akathima masana anthu amatuluka kukawothera dzuwa, ena n'kuweruka, swichi ili chiyatsire. Akabwera usiku, idler ya pa swichi wamba imalandira mawaya awiri popanda woidzutsa, imang'ung'udza mpaka vanishi atanunkha, m'shedi modzaza utuchi ndi zipalapala zouma. Ya potential relay imadzidzutsa yokha, zomwe zimamveka zabwino mpaka mutakumbukira kuti sowo nayo mwina inasiyidwa yoyatsa, mwana ali pafupi. Ndi K1, magetsi akapita bokosi limafa, ndipo silidzuka mpaka munthu atadina batani.

Zipangizo zambiri simufunika kuzigula zatsopano. Star-delta starter yakale ya pa chigayo ili ndi makontakita atatu, taima ndi overload, pafupifupi bokosi lonse ndafotokozali, ndipo pa Dedza boma kapena pa Ntcheu omanga mamota amakhala nazo pansi pa benchi. Muone zinthu zitatu. Makoyilo ake nthawi zambiri ndi a 380 kapena 415 V, afunika a 230. Overload yake ndi ya mota yaikulu. Yanu ikhale yofika cha m'ma 20 A monga chikwangwani cha idler chikunenera pa delta, ndipo poti mawaya olowa ndi awiri okha, live idutse njira ziwiri motsatana kuti zonse zitatu zitenthe mofanana, apo ayi izigwa popanda chifukwa. Chachitatu ndi taima: ya masekondi 0 mpaka 30 kapena 60 ndi yokhakhala kwambiri, kungoikhudza pang'ono yadumpha kuchoka pa imodzi kufika pa zinayi. Imeneyo ikhale mlonda wa masekondi atatu mutaiyesa ndi wotchi, koma yoyamba mugule ya 0.1 mpaka 3. M'masitolo a zamagetsi a ku Malangalanga ku Lilongwe zimapezeka. Mataima oyendera mphepo ovala pamwamba pa kontakita amagwira ntchito, kungoti fumbi la matabwa limawasokoneza, ndiye bokosi likhale lachitsulo, lotseka bwino.

Nthawi yake musaitenge kwa ine, muifunse mota. Lumikizani K2 pa batani kwakanthawi, mudzutse idler kangapo mukumvetsera, wina akuwerenga pa wotchi ya foni, ndipo pakati pa kuyesa kulikonse mupume mphindi zitatu. Chitani izi m'mawa kukuzizira komanso madzulo anthu akuphika. Tengani nthawi yaitali mwa zonsezo, muwonjezere pang'ono ngati gawo limodzi mwa atatu a sekondi. Mota ya 1440 rpm yopanda katundu imayenera kunyamuka sekondi isanathe, ndipo pamenepa muli ndi mwayi chifukwa za 2900 rpm zimachedwerapo. Ikamafuna masekondi oposa awiri, musakhotetse taima kuti muibise: makapasita achepa, bering'i yauma, kapena waya wochokera pa mita ndi wowonda. Pulena yokha izikoka maampu cha m'ma 20 pa single phase, makina onse awiri pamodzi kupitirira 30, ndiye waya wosachepera 6 mm², ndipo ngati mita ili patali, 10 mm². Bureka ikhale ya mtundu wa C kapena D, ya B izigwa podzutsa. Muonenso ngati bureka yaikulu ya pa mita yanu ingakwanitse zonsezi pamodzi ndi za kunyumba.

Makapasita okhalitsa ndi nkhani ina, koma ndiikhudze chifukwa imasintha zomwe voltage relay ione. Amenewa ndi a mafuta, m'chitini cha aluminiyamu kapena pulasitiki yoyera, a 450 V, ndipo amakhala mkati nthawi zonse kuti waya wachitatu asafooke. Yambani ndi 100 µF, yambiri pakati pa live ndi waya wachitatu, yotsala pakati pa neutral ndi waya wachitatu, kenako muziwonjezera kapena kuchotsa pang'onopang'ono pulena ikupala thabwa, mpaka mavoti atatuwo atayandikana. Ine ndimakhutira akasiyana ndi 5 pa 100 makina ali pa ntchito. Osaika wakuda wodzutsira pamalo amenewa ngakhale kwa tsiku limodzi. Ndipo poti Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe mphamvu yolembedwa pa mota anaiyezera malo osapitirira mamita 1,000, mpweya wa kwanuko ndi wopepuka, suziziritsa kwambiri. Kuzizira kwa dera kumabwezerako, komabe idler musaitsekere m'kabati pothawa phokoso. Ikhazikeni pa zidutswa za tayala pamalo opita mphepo.

Kumbukirani kuti m'makonzedwe amenewa neutral yasanduka imodzi mwa mafezi atatu, ikunyamula maampu onse. Isalumikizidwe ku thupi la makina aliwonse, ndipo isaikidwe fyuzi payokha. Earth ikhale waya wakewake wofika pa bokosi, pa idler, pa pulena ndi pa sowo. Musanalowetse dzanja m'bokosi thimitsani bureka, dikirani theka la mphindi, yezani makapasita ndi mita. Okhalitsa aja amaluma ngakhale magetsi atathima kalekale. Kulumikiza ku mita ndi kuyeza earth apange wa chiphaso cha MERA.

Mukanakhala ndi sowo yokha ndikanakuuzani kuti musiye zonsezi mugule VFD ya single phase, kabokosi kolandira single phase n'kutulutsa three phase, chifukwa mpaka 2.2 kW zimapezeka mosavuta ndipo sizifuna kapasita kapena rileyi. Pa makina awiri, ina ya 3 kW, idler muli nayo kale, converter ikuyenerani. Koma wina asakunamizeni kuti njira yomweyi iyendetsa chigayo cha 15 kapena 22 kW pa mita ya m'nyumba. Kumeneko n'kukafunsira three phase ku ESCOM basi.

Bokosi likatha, musanalumikize makina, liyeseni polilakwitsa dala. Chotsani waya wa koyilo ya K2 kuti makapasita asalowe, dinani lobiriwira: idler ing'ung'udza, ndipo pa masekondi atatu K1 iyenera kugwa yokha. Dzanja lina likhale pa bureka, ikapitirira pamenepo muthimitse. Kenako thimitsani, chotsani mawaya a makapasita odzutsira pa K2, muikanikize ndi kamtengo kouma kuti ikhale ngati yamatirira, mudzutse idler ndi chingwe chanu chija n'kudina batani: izungulira bwinobwino, koma K3 isakoke, ndipo K1 igwenso pa masekondi atatu. Pomaliza bwezerani zonse m'malo, idzutseni, muthimitse bureka ili pa liwiro, muyatsenso: pasamveke kanthu mpaka mutadina lobiriwira. Mayeso atatuwa muwabwereze cha m'ma 6 koloko madzulo, ndipo mundilembere mavoti amene mwapeza pa soketi nthawi imeneyo pamodzi ndi zolembedwa pa zikwangwani za pulena ndi sowo.